Phunziro la Sabata Ino: Tizamoyo Tosaoneka ta pa Mizu ya Mbewu Zathu

Sukulu ya alimi ya m'munda, EPA ya Ulongwe, T/A Kalembo, Balaka

Zofunika kubweretsa: khasu, ndowa ya madzi, mpeni kapena lumo, mabotolo awiri apulasitiki odula kukamwa, ndi sanza za chitenje cha thonje. Sanza za nayiloni musabwere nazo chifukwa siziola.

Poyendera munda sabata yatha, gulu lachiwiri linabwera ndi tsinde la nandolo lofota. Mayi amene analizula anati chino n'chaka chachitatu nandolo wawo akufota pamalo amodzimodzi, pomwe m'munda wa achemwali awo, wongodumpha malire, nandolo ali bwinobwino. Ena munati ndi chiswe, ena munati ndi dzuwa ngakhale mvula ikugwa, ndipo bambo wina anaseka n'kunena kuti mwina pali dzanja la munthu. Tinagwirizana kuti m'malo mokangana tikumbe tione. Pepala lino muliwerenge tisanapite kumundako, ndipo amene amatha kuwerenga awerengere anzawo.

Tizamoyo timeneti ndi tiyani?

Tikamva mawu oti "tizilombo" maganizo amathamangira ku matenda. N'chifukwa chake ine ndizinena kuti tizamoyo, popeza tambiri mwa ito sitiononga kanthu ndipo tina ndi tothandiza kwambiri. Pali magulu awiri aakulu amene tikambe lero. Loyamba ndi mabakiteriya, aang'ono zedi moti m'supuni yaing'ono imodzi ya dothi lachonde amakhalamo mamiliyoni mazanamazana. Lachiwiri ndi mafangasi, omwe ndi abale ake a bowa ndi chuku. Iwo amakula ngati ulusi woyera wopyapyala. Mukavundukula mapesi onyowa amene agona pansi kwa mwezi umodzi, ulusiwo mumauona ndi maso.

Ntchito ya tizamoyo mumaidziwa kale. Thobwa la dzulo limasasa chifukwa cha ito. Mulu wa manyowa a Chimato kapena a Changu umatentha m'kati popanda wousonkhera moto, chifukwa tizamoyo tikudya zinyalala. Bowa wa ndelema ndi manyame, amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Zomba nthawi ya dzinja, mudamuonapo atamera pakati pa munda wa chimanga wopanda mtengo? Ayi. Bowa ameneyu amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga misuku ndi mombo. Mtengo umam'patsa chakudya, iye amaupatsa madzi ndi michere ya m'nthaka. Mitengo ikadulidwa, bowayo amathanso. Mbewu zathu nazonso zili ndi anzawo otere, kungoti awo satuluka kumtunda.

Mmene timasonkhanirana pa muzu

Masamba a mbewu amapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Mbewu siidya yokha shuga yenseyo. Gawo lina, lomwe nthawi zina limafika limodzi mwa magawo asanu, imalitulutsira m'dothi kudzera m'mizu pamodzi ndi timadzi tina towawasa. Kwa mlimi izi zikuoneka ngati kusakaza, koma mbewuyo ikulipira aganyu. Dothi limene lamatirira pa muzu limakhala ndi tizamoyo tochuluka kwambiri kuposa dothi la pakati pa mizere. Wasayansi wina wa ku Germany, Lorenz Hiltner, ndiye analipatsa dzina dothi limeneli m'chaka cha 1904, ndipo m'mabuku amalitcha rhizosphere.

Tizamoyo ta pa mbewu timachokera mbali zingapo. Tina timabwera ndi mbewu imene mwabzala, pa khungu kapena m'kati mwake. Tina timafika pa masamba ndi mphepo, madontho a mvula ndi tizilombo touluka. Tina timadza ndi manyowa. Koma tambiri ta pa mizu timachokera m'dothi la m'munda momwemo. Choncho mbewu imasankha pa zimene yapeza. Zili ngati tsiku la msika pa Ulongwe: pamsewu pamadutsa aliyense, pa benchi la wogulitsa pamaima okhawo ofuna katundu wake, ndipo kuseri kwa benchi kumalowa anthu ochepa amene mwini wake akuwadziwa. M'dothi muli mitundu yambirimbiri, pafupi ndi muzu mitundu imachepa ngakhale chiwerengero chimakula, ndipo m'kati mwa muzu mumalowa mitundu yowerengeka.

Mbewu iliyonse ili ndi timadzi takeake, ndiye imakokanso tizamoyo takeake. Chimanga chimaitana ena, nandolo ena, mtedza ena. Munda umene walimidwa mbewu imodzi zaka zambiri umadzaza ndi okonda mbewu imeneyo, kuphatikizapo adani ake. Mfundo iyi muisunge chifukwa tibwererako pa nkhani ya nandolo uja.

Malo pa muzu ndi ochepa, ndipo wofika msanga ndiye amakhazikika. Muzu ukadzaza ndi tizamoyo tabwino, toyambitsa matenda timasowa pokhala ndi chodya. Tina mwa tabwinoto timatulutsanso mankhwala opha kapena kufooketsa anzawo.

Timibulu ta pa mizu ya nyemba

Mpweya umene timapuma uli ndi nayitirojeni magawo 78 pa 100 alionse. Ndi nayitirojeni yemweyo amene timagula mu thumba la Urea pa mtengo umene nonse mukuudziwa. Chimanga sichingathe kumutenga mu mpweya. Mabakiteriya otchedwa raizobiya amatha, koma amafuna nyumba, ndipo nyumbayo amaipeza pa mizu ya mbewu za mtundu wa nyemba: nandolo, mtedza, khobwe, soya, nzama, kalongonda, komanso mitengo monga nsangu ndi gliricidia.

Zimayamba ndi kuitanizana. Muzu umatulutsa timadzi toitana, raizobiya woyenera amayankha ndi chizindikiro chake, ndipo muzu ukachizindikira umamulola kulowa n'kumumangira kambulu. M'kambulumo mbewu imapereka shuga, raizobiya amapereka nayitirojeni. Chizindikiro chikapanda kugwirizana, chitseko sichitseguka. Nandolo, khobwe ndi mtedza savuta, amagwirizana ndi mitundu yambiri ya raizobiya imene ili kale m'nthaka yathu. Soya ndi mlendo wochokera ku China, ndipo mitundu yake yambiri imafuna raizobiya wakewake amene kawirikawiri sapezeka m'munda umene sunalimidwepo soya. Mtundu wa Tikolore ndi wosasankha kwambiri, komabe nawonso umapindula ukathiridwa inokyulanti.

Inokyulanti, monga Nitrofix amene amapangidwa konkuno ku Malawi, si feteleza ndipo si mankhwala ophera tizilombo. Ndi raizobiya wamoyo amene waikidwa m'kapaketi. Chamoyo chimafa. Paketi ikakhala pa dzuwa la kuno ku Ulongwe pa shelefu ya golosale ya malata, kapena ikadutsa tsiku lolembedwa, mwagula ufa wakuda chabe. Isungeni pozizira, sakanizani ndi mbewu pamthunzi motsatira malangizo a pa paketi, ndipo bzalani tsiku lomwelo m'dothi lachinyezi. Ndidaonapo mlimi akusakaniza bwinobwino m'mawa kenako n'kuyanika mbewuyo pa mphasa pa dzuwa kuti iume msanga. Soya wake atakhala wachikasu anati inokyulanti ndi bodza la alangizi.

Chinanso: mukathira feteleza wambiri wa nayitirojeni ku mbewu za nyemba, zimachita ulesi kupanga timibulu. Mbewu siilipira aganyu pa chinthu chimene yapatsidwa ulere. Mwaononga ndalama ndipo mwathamangitsanso wantchito.

Zochita 1. Gulu lililonse likumbe phando limodzi la mtedza, limodzi la khobwe, ndi awiri a soya: lina la ku poloti yothira inokyulanti, lina la ku poloti yosathira. Musazule ndi manja chifukwa timibulu timatsalira pansi. Kumbani ndi khasu mozungulira, nyamulani ndi dothi lake, viikani m'ndowa kuti dothi lichoke lokha. Werengani timibulu, kenako dulani tisanu ndi lumo. Kambulu kofiirira m'kati ngati nyama kakugwira ntchito. Koyera n'kakang'ono kapena kaulesi. Kobiriwira kapena kakuda kakalamba. Muonenso kusiyana uku: kambulu kenikeni kamakhala pambali pa muzu ndipo kamathothoka mukakankha ndi chala, koma ngati muzu weniweniwo ndi umene watupa, monga zimachitikira ku tomato ndi therere, amenewo ndi matenda a tinyongolotsi ta m'mizu.

Ulusi umene umatalikitsa mizu, ndi kaufiti womvetsera zokamba ena

Chimanga chilibe timibulu, koma chili ndi bwenzi lina, fangasi wotchedwa mayikoraiza. Amalowa m'muzu, n'kutambasula ulusi wake m'dothi kutali kuposa pamene timizu tingafike, m'timing'alu topyapyala. Ntchito yake yaikulu ndi kubweretsa fosifolasi, mchere umene suyenda m'nthaka ndipo umayenera kutsatidwa pamene uli. Amathandizanso mbewu kupeza madzi pa ng'amba, ndipo ulusi wake umamanga dothi kukhala timibulumwa tosasungunuka msanga. Mbewu zambiri za m'munda mwathu zimagwirizana naye: chimanga, mapira, chinangwa, thonje, mtedza, nandolo. Mpiru, kabichi ndi repu sizigwirizana naye.

Tsopano tamverani izi, inu amene munda wanu umafiira ndi maluwa a kaufiti. Chimanga chikasowa michere, makamaka fosifolasi, mizu yake imatulutsa timadzi tambiri toitana mayikoraiza kuti adzathandize. Njere za kaufiti, zomwe zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa khumi, zimamva kuitana komweko n'kudziwa kuti pali muzu pafupi. Zimamera n'kudziphatika pa chimangacho. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene kaufiti amachulukira m'munda woguga: chimanga chanjala chimafuula kwambiri, ndipo wakuba amamva.

Mankhwala oyamba a mtundu umenewu anapezeka m'chaka cha 1966 m'mizu ya thonje, mbewu yathu yomwe ino ya ku Balaka. Thonje limadzutsa njere za kaufiti, koma kaufiti sangathe kuyamwa pa muzu wa thonje, ndiye amafa asanatuluke. Soya ndi mtedza amachitanso chimodzimodzi kwa kaufiti wa chimanga. Kasinthasintha wa chimanga ndi mbewu zimenezi amachepetsa njere zogona m'nthaka pang'onopang'ono. Sindikuti chaka chimodzi chikwanira, ndipo kuzula kaufiti asanachite maluwa sikunathe ntchito.

Tibwerere kwa nandolo wofota

Zochita 2. Ng'ambani tsinde lofota pakati, kuchokera ku mizu kukwera m'mwamba. Ngati muona mzere wakuda kapena wabulawuni m'kati, ndipo kunja kwa tsinde kuli chingwe chofiirira chokwera kuchokera pansi, ameneyo ndi fangasi wotchedwa Fusarium udum. Amalowera ku mizu n'kutseka timipaipi timene timakweza madzi, choncho nandolo amafa ndi ludzu dothi lili lonyowa. Nthawi zina imayamba kufota ndi nthambi za mbali imodzi. Chiswe chimene munachipeza pa tsinde lija kawirikawiri chimafika mtengo utadwala kale.

Fangasiyu amakhala m'zitsa ndi mizu ya nandolo wodwala kwa zaka pafupifupi zitatu. Mukabzala nandolo pamalo omwewo chaka ndi chaka, kapena kusiya zitsa kuti ziphukirenso, mukumudyetsa ndipo akuswana. Mankhwala opopera sathandiza chifukwa mdani ali m'nthaka ndi m'kati mwa tsinde. Chimene chimathandiza ndi kumumana chakudya. Pamalo odwalapo papume nandolo kwa zaka zitatu, pabzalidwe mapira kapena chimanga ndi mtedza. Zitsa zodwala zizulidwe zikakhale nkhuni, ndipo zisalowe pa mulu wa manyowa. Pobwezeretsa nandolo, funani mbewu yopirira. Sauma anatulutsidwa m'chaka cha 1987 chifukwa cha vuto lomweli la kufota, ndipo pambuyo pake kunabwera Kachangu ndi Mwaiwathu Alimi. Mbewu yopatsana ndi achibale siyoipa, koma funsani ngati m'munda umene yachokera munalibe kufota.

Musamudane nandolo chifukwa cha ichi. Kupatula nayitirojeni, mizu yake imatulutsa timadzi timene timamasula fosifolasi womangika m'dothi, imaboola chidindo cholimba chimene khasu limasiya pansi pa mizere, ndipo masamba ake oyoyoka ndi chakudya cha tizamoyo tonse takambazi.

Chuku cha mtedza chimayambira m'munda

Ambiri timaganiza kuti chuku chimagwira mtedza m'nkhokwe mokha. Fangasi amene amapanga poizoni wa aflatoxin, Aspergillus flavus, amakhala m'dothi, ndipo mtedza umabereka m'dothi momwemo. Mvula ikadula msanga mtedza ukukhwima, dothi n'kutentha ndi kuuma, tizamoyo tina timafooka koma iye amapirira n'kutenga malo. Makoko ong'aluka kapena obooledwa ndi chiswe ndiwo khomo lake. Kuno kumene mvula imakonda kuthawa msanga, monga tinaonera m'nyengo ya 2023/24, ngoziyi ndi yaikulu. Poizoniyu saoneka, satha ndi kukazinga kapena kuphika, amaononga chiwindi, ndipo amakhudzana ndi kupinimbira kwa ana. Nsinjiro za phala la mwana zochokera ku mtedza wosankhidwa ngati wotsalira ndiye njira yake yachidule.

Kubzala ndi mvula yoyamba ndi kumanga ngonyeka kuti madzi akhalitse m'mizere kumathandiza mtedza kukhwima chinyezi chikadalipo. Kumbani pa nthawi yake, umitsani pa mulu wa Mandela, ndipo chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti asavute kuswa tichisiye. Palinso Aflasafe, amene akatswiri a bungwe la IITA anapanga pamodzi ndi ofufuza athu a zaulimi. Ndi njere za mapira zopaka mtundu wabuluu, zonyamula abale ake a fangasi yemweyo koma osapanga poizoni, otengedwa m'nthaka ya mbali yathu ino. Amamwazidwa makilogalamu 10 pa hekitala, masabata 2 mpaka 3 mbewu isanamasule, dothi lili ndi chinyezi. Nzeru yake ndi ija takamba kale: wofika msanga atenge malo. Njerezo sizimera ndipo si zodya.

Zimene manja athu amachita

Pa nkhani yotentha mapesi ndinene chilungamo. Moto wa mapesi suupha tizamoyo tonse, umangotentha dothi la pamwamba, ndipo ta pansi timapulumuka. Choipa chake chachikulu n'choti umawotcha chakudya chawo. Nayitirojeni wa m'mapesi amapita ndi utsi, dothi limatsala lamaliseche pa dzuwa la Okutobala, ndipo mvula yoyamba imapeza nthaka yolimba. Phulusa limakometsa chimanga chaka choyamba, n'chifukwa chake anthu sakhulupirira msanga tikamaletsa.

Kugumula mizere ndi kuunga ina chaka chilichonse kumadula ulusi wa mayikoraiza, ndipo mbewu yatsopano imayamba yadikira kuti ulukidwenso. Ulimi wa mleranthaka umausiya ulusiwo uli wolumikizana. Ndikudziwa zimene muyankhe: mbuzi zikamasulidwa pambuyo pokolola zimadya zophimbira, osaka mbewa amayatsa moto, ndipo mapesi omwewo ndiwo nkhuni. Izi si nkhani za mlimi mmodzi. Zikufuna malamulo a m'mudzi, ndipo ndi bwino gulu lino likakambirane ndi a mfumu nyengo yokolola isanafike.

Feteleza sindikumuletsa. Chimanga cha haibulidi pa nthaka yoguga chimamufuna. Koma feteleza amadyetsa mbewu, pamene manyowa amadyetsa mbewu ndi tizamoyo tomwe, ndipo feteleza wochepa amagwira bwino pamene pali manyowa. Manyowawo akhale owola bwino. Mapesi ouma kapena madeya osawola akakwiriridwa pafupi ndi nthawi yobzala, tizamoyo timayamba tatenga nayitirojeni wa m'dothi kuti tiwoletse, ndipo chimanga chimachita chikasu masabata oyamba. Kwa a m'mbali mwa Shire ndi m'madambo: madzi akaima masiku angapo dothi limasowa mpweya, timibulu timaleka ntchito ndipo mizu imaola, choncho ngalande zikhale zotseguka.

Zochita 3. Tengani kabulumwa kouma ka dothi la pansi pa mtengo wa nsangu kapena la poloti yophimbira, ndi kena ka m'munda wotenthedwa chaka ndi chaka. Ikani kalikonse mwapang'onopang'ono m'botolo lake la madzi, osagwedeza. Onani kamene kasungunuke msanga ndi mtundu wa madziwo. Kambiranani zimene zimachitika ku dothi lotere mvula yamphamvu ikagwa. Dothi lamchenga muliyerekeze ndi lamchenga linzake, la makande ndi la makande, apo ayi muyeso sukhala wachilungamo.

Zochita 4. Dulani sanza ziwiri zofanana kuchokera ku chitenje chimodzi. Kwirirani imodzi pa poloti ya manyowa, ina pa poloti ya feteleza yekha, zonse pakuya masentimita 10, n'kuzika chikhomo. Mlembi alembe tsiku. Tidzafukula pakatha masabata 6. Gulu lililonse linene lero sanza imene likuganiza kuti idzadyeka kwambiri ndi chifukwa chake, ndipo tikadzapeza chiswe pa sanzayo tidzalembenso, popeza nacho chimadya nawo.

Mafunso oti magulu akambirane pamthunzi tisanabalalike: Ndi minda ingati ya mamembala imene nandolo amafota pamalo amodzi chaka ndi chaka, ndipo pamalopo padalimidwa chiyani zaka zitatu zapitazi? Mayi a tsinde lija abzalepo chiyani nyengo ikubwerayi, poganizira kuti munda wawo ndi ekala imodzi ndipo nandolo ndiye amawapatsa ndalama? Mtedza wonyala ndi wakuda umene timasankha pogulitsa umapita kuti pakhomo pathu?

Mlembi wa gulu lililonse alembe chiwerengero cha timibulu ndi mtundu wake pa pepala lalikulu, ndipo mapepalawo asungidwe kuti tidzayerekeze ndi zokolola za mapoloti a soya mu Epulo. Amene mutsogolere kukumba mufike ndi makasu pofika 7 koloko, dothi lisanaume pamwamba.